Kodi ndalama za kalembera n'zongotaya?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake boma limalowetsa ndalama powerenga anthu pomwe m'zipatala mankhwala akusowa. Koma mankhwalawo agula ochuluka bwanji, nanga atumiza kuti, ngati sakudziwa kuti dera lakuti lili ndi ana angati?

Kalembera wa 2018, yemwe ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita pogwiritsa ntchito matabuleti, anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, pomwe mu 2008 tinalipo pafupifupi 13 miliyoni. Anthu oonjezerawo akufuna makalasi, mijigo ndi katemera. Kukonza bajeti ndi chiwerengero chakale n'kuwamana dala.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa n'china. Kalembera amachitika pakatha zaka khumi, ndipo kafukufuku wamkulu wa umphawi ndi wa zaumoyo amadalira kwambiri ndalama za mabungwe akunja. Pakati pa zakazo timadalira zolemba za tsiku ndi tsiku: wazaumoyo wa m'mudzi kulemba m'kaundula ana obwera kusikelo pansi pa mtengo, mphunzitsi wamkulu kuwerenga ophunzira, mlangizi kuyerekeza zokolola za alimi ambirimbiri atayenda panjinga yakapalasa. Kaundula akatha masamba kapena mlangizi akalephera kufika m'minda, nambala yolakwika imakafika ku Lilongwe, ndipo chimanga cha thandizo chimagawidwa potengera yomweyo.

Pamenepo m'pofunika ndalama za boma lathu lomwe: maphunziro ndi zipangizo za olemba nambalazi, komanso kulembetsa mwana aliyense wobadwa ku National Registration Bureau, zomwe zinakhala zokakamiza mu 2015.