Masewero akumudzi: yambani, koma munda musausiye

Achimwene, mwafunsa ngati mungapite patsogolo ndi drama muli kumudzi, yankho langa ndi lakuti inde mungakhale katswiri wa masewero muli konkuno ku Chipata osathamangira ku Lusaka, koma munda kapena kabizinesi kanu musasiye kaye, ndalama za drama zimabwera mwa apo ndi apo.

Ine ndasewera zaka zambiri m'midzi ya ku Katete ndi Chadiza, pabwalo, opanda maiki opanda magetsi, ndipo kumeneko ndiye sukulu yeniyeni chifukwa agogo akapanda kuseka kapena kuyankhira ndiye kuti mwalephera basi, mumadziwa pompo. Phunzirani kukweza mawu, miyambi, nthano, mmene nyakwawa imaweruzira mlandu, mmene mkamwini amakhalira pamaso pa apongozi. Pitani ku Kulamba, mwambo wa Achewa, ku Mkaika mu August, ndi ku Nc'wala, mwambo wa Angoni, ku Mtenguleni mu February, mukaonetsetse mayendedwe ndi mavinidwe a anthu. Koma za Gule Wamkulu musaike m'sewero musanapemphe kwa amfumu, zinthu zimenezo zili ndi eni ake.

Filimu ndi ina. Kamera imafuna nkhope yodekha, ine poyamba ndinkakuwa ngati ndili pabwalo mpaka dairekita anandibweza kangapo. Yesaninso masewero a pa wailesi ngati Breeze FM, dzina limamveka msanga.

Chinandiwawa nchakuti wina anatijambula, filimu nkumaigulitsa, ife osalandira ngakhale ngwee chifukwa tinangogwirizana pakamwa. Ndiye akakupatsani kontrakiti musasaine musanaonetse loya, ndipo za kulembetsa gulu lanu funsani a National Arts Council of Zambia, bungwe la boma loona za luso.