Nyemba zochedwa kupsa ndi kumene mungagule zabwino

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene nyemba zanu zimathera makala ambiri zisanapse, komanso ngati kugula kwa alimi ang'onoang'ono kuli ndi phindu. Kawirikawiri vuto silikhala mbaula kapena mphika, koma kukhalitsa kwa nyembazo, pakuti zikasungidwa miyezi yambiri pamalo otentha ndi achinyezi, monga kuno ku Salima, zimalimba ndipo sizifewa msanga ngakhale mutasonkhezera moto tsiku lonse.

Nyemba zambiri zimene timadya kuno kunyanja zimachokera kumtunda, ku Dedza, Ntchisi ndi Dowa, kumene kuzizira kumaziyanja. Ine ndimagula kwa amayi amene amabwera nazo okha pamsika wa Kamuzu Road, chifukwa mlimi amakuuzani mwezi umene anakolola, amakulolani kupisa dzanja m'thumba kuti muone ngati anankafumbwe alowamo, ndipo tsiku lina amakuikirani basera. Ndalamayo imapita kwa amene anagwira khasu. Nanyati ndi kholophethe, zikakhala zatsopano, ndizo zimandikomera kwambiri.

Ziviikeni usiku wonse, mutaye madziwo m'mawa, kenaka muziphike pamoto wochepa koma wosazima. Tomato mumuthire nyemba zitafewa kale, popeza kuwawasa kwake kumachedwetsa kupsa. Soda amafewetsadi, koma ine ndimamupewa chifukwa amawononga ena mwa mavitamini. Kunena zoona, palibe chimene chimandikhazika mtima pansi ngati kumva mphika wa nyemba ukubwata pang'onopang'ono Loweruka m'mawa, mpunga wa Kilombero ukudikira pambali.