Za alamu amene simukulankhulana nawo

Achemwali, mwafunsa kuti mtendere wa Mulungu muupeza bwanji pomwe inu ndi alamu anu simulankhulana chifukwa cha ngongole ya ku banki mkhonde. Inenso zinandigwerapo. Lamulungu ndinkaimba kwaya bwinobwino, koma usiku tulo osabwera.

Pa Mateyu 5:23-24 Yesu akuti nsembe idikire, muyambe mwakayanjana ndi m'bale wanuyo. Ndiye musayembekeze kuti ayambe ndi iwo. Pitani nokha m'mawa, osatenga anzanu a Mvano, ndipo za ndalama musazitchule tsiku limenelo. Ine ndinangonyamula paketi ya shuga n'kukapereka moni basi.

Mwina sakakulandirani bwino, koma Aroma 12:18 akungotifunsa mbali yathu. Ife panapita miyezi tisanayambe kusekera limodzi, ndipo ndalama zija sindinazionebe.