Kwa achemwali amene mwafunsa za ku Arizona

Achemwali, ndawerenga funso lanu komanso zimene anzathu ayankha kale. Mwati mwapeza ntchito ya unamwino ku Phoenix, muli ndi ana awiri, ndipo mukufuna ife amene tikudziwa ku Arizona tikuuzeni zimene tinaona: kodi ndi mchenga wokhawokha, nanga munthu wochokera ku Malawi angakhaleko? Wina wakuyankhani kuti ndi paradaiso, wina wati musayerekeze n'komwe, mukapsa. Onse awiriwa sakunama. Woyambayo ayenera kuti anabwera mu Febuluwale, winayo mu Julayi. Ine ndakhala kuno zaka zambiri ndithu, poyamba ku Tucson, panopa ku Mesa, kum'mawa kwa Phoenix, ndiye mundilole nditalikitseko.

Za mchenga chotsani m'mutu. Chipululu cha kuno, chimene amachitcha Sonoran, ndi cha miyala, mapiri ndi zomera zaminga, ndipo Phoenix ndi mzinda waukulu wachisanu mu America monse. Mukaphatikiza ndi matauni ozungulira, anthu ake akuposa 5 miliyoni. Chimene muyenera kukonzekera ndi kutentha.

Ambirife timafika tikunena kuti aa, ife tinakulira ku Nsanje ndi ku Chikwawa, dzuwa la Okutobala timalidziwa. Zoona, koma la kuno ndi lina. Kwathu kukatentha timadziwa kuti mvula ili pafupi kudzaziziritsa. Kuno kumayamba mu Meyi mpaka Okutobala, ndipo usiku sikupepuka, chifukwa phula ndi simenti za mumzinda zimamwa moto wa masana n'kumautulutsa mpaka mbandakucha. Mu 2023 ku Phoenix kunatha masiku 31 otsatizana kutentha kukufika madigiri 43 kapena kuposa, ndipo usiku wina sikunatsike pansi pa madigiri 36. Chaka chimenecho anthu 645 anamwalira ndi kutentha m'boma la Maricopa lokha, limene muli Phoenix. Pafupifupi theka la iwo anali osowa pokhala, ena anali agogo amene eyakoni inawonongeka ali okha m'nyumba. Chimene chimapusitsa ndi chakuti mpweya ndi wouma, thukuta limauma lisanatsike n'komwe pamphumi, munthu osadziwa kuti madzi akutha m'thupi. Umangoona mutu wayamba kuwawa, milomo yasweka. Galimoto ikakhala padzuwa ola limodzi, chiwongolero sichigwirika, kachitsulo ka lamba kamawotcha mwana pantchafu. Inu poti ndinu namwino mudzaziona nokha: amabwera nawo kuchipatala anthu amene anangogwa pamsewu n'kukhala pansi mphindi zochepa, khungu litapsa ngati anagwera pamoto. Chonde, mwana asatsale m'galimoto ngakhale mukungolowa m'shopu kukagula buledi. Ndipo posankha nyumba, funso loyamba likhale la eyakoni, lachiwiri la bilu ya magetsi ya mu Julayi ndi Ogasiti, chifukwa miyezi imeneyo imaluma m'thumba.

Anthu anazolowera kukhala mozemba dzuwa. Amisiri omanga amayamba ntchito kusanache. Oyenda ndi agalu mumawaona 5 koloko m'mawa. Masana misewu ya m'malokeshoni imakhala zii, ana onse ali m'nyumba.

Koma ikafika Novembala mudzamvetsa chifukwa chake anthu amakana kuchoka kuno. Mpaka Malichi kumwamba kumakhala kwa buluu tsiku ndi tsiku, m'mawa kozizira pang'ono, masana kofunda bwino. Okalamba a ku Canada ndi a kumpoto kwa America amathawira kuno nyengo imeneyi, misewu n'kudzaza. Mu Malichi mitengo ya malalanje ikachita maluwa, fungo lake limakupezani pakhomo.

Mvula ya ku Phoenix chaka chonse nthawi zambiri siifika mamilimita 200, pamene ku Lilongwe imaposa 800. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a imeneyi limabwera mwaukali pakati pa Julayi ndi Seputembala. Madzulo mitambo imaunjikana pamwamba pa mapiri, mphezi zili ng'aning'ani, ndipo nthawi zina kutsogolo kwake kumabwera chikhoma cha fumbi chotalika kuposa nyumba zosanja zonse, chimene amachitcha haboob. Masana kumada bii. Ikakupezani pamsewu, malangizo ndi akuti mupatuke kutali ndi msewu, muzimitse magetsi onse, muchotse phazi pabuleki, kuti wobwera kumbuyo asaganize kuti mukuyenda n'kukutsatirani. Mitsinje yambiri ya kuno imakhala youma pafupifupi chaka chonse, koma mvula ikagwa kumapiri imasefukira mwadzidzidzi, ndipo pali lamulo lakuti amene walambalala chikwangwani n'kulowa m'madzi ndi galimoto akhoza kulipira yekha ndalama zomupulumutsira. Chimene ine ndimakonda pa nyengo imeneyi ndi fungo. Pali kachitsamba kotchedwa creosote, kamasamba ang'onoang'ono onyezimira, kamene kakanyowa kamatulutsa fungo lamphamvu lodzaza chipululu chonse. Anthu obadwira kuno amene anasamukira kwina mukawafunsa chimene amasowa, ambiri amatchula fungo limeneli. Ena amamangirira kanthambi kake m'bafa kuti nthunzi izilitulutsa.

Fumbili lili ndi nkhani ina imene palibe wakuuzani, koma ndi yofunika kwa ife. M'dothi la kuno muli tizilombo ta mtundu wa nkhungu timene timayambitsa matenda otchedwa valley fever. Munthu amatipuma ndi fumbi. Ambiri amachira okha osadziwa n'komwe, koma ena amatsokomola milungu yambiri, kutuluka thukuta usiku, kuonda, moti zimafanana ndi chifuwa chachikulu. Madokotala amanena kuti anthu akuda ali pachiopsezo chachikulu choti matendawa afalikire kumafupa, pakhungu ngakhale kubongo. Mwana akatsokomola osasiya, pemphani nokha kuti amuyeze matenda amenewa.

Zinkhanira ziliko, makamaka tating'ono tachikasu tokwera makoma, ndipo timavuta kwa ana aang'ono. Kugwedeza nsapato musanavale kumangosanduka chizolowezi. Njoka zambiri zili kutchire, osati m'tauni.

Tsopano madzi, chifukwa ine ndinayamba kumvetsa Arizona nditafunsa kuti madzi a pampopi wanga akuchokera kuti. Mzinda wa Phoenix unamangidwa pa ngalande zakale. Anthu amene akatswiri amawatcha Hohokam anakumba pamanja ngalande za makilomita mazanamazana kuchokera mumtsinje wa Salt, n'kumalima chimanga, nyemba, maungu ndi thonje kwa zaka zoposa 1,000, mpaka cha m'ma 1450. Azungu atafika cha m'ma 1867 anangofukula ngalande zomwezo. Lero madzi ena amachokera kumadamu a mtsinje wa Salt, monga la Roosevelt limene linatha mu 1911, ena pansi panthaka, ndipo ena amayenda makilomita oposa 500 m'ngalande ya simenti ya Central Arizona Project kuchokera mumtsinje wa Colorado, kudutsa Phoenix mpaka Tucson. Mtsinje wa Colorado ukuchepa. Mu 2021 boma la America linalengeza koyamba kuti madzi ake aperewera, ndipo oyamba kudulidwa anali alimi a m'boma la Pinal, pakati pa Phoenix ndi Tucson. Mukamadutsa kumeneko mudzaona minda ina itangokhala, fumbi lokhalokha. Komabe mukamatera ndi ndege pa Sky Harbor mudzaona timaiwe tosambiramo kuseri kwa nyumba zambirimbiri ndi mabwalo a gofu obiriwira. Zimenezi zimandisowetsa mtendere mpaka lero, makamaka ndikakumbukira kuti kumpoto, kwa anthu a mtundu wa Navajo, pafupifupi nyumba imodzi mwa zitatu zilizonse ilibe madzi a m'mipopi. Anthu amayenda mitunda ndi migolo kumbuyo kwa mapikapu kukatunga. Mu America momwemuno.

Mitundu ya eni nthaka yovomerezeka ndi boma ilipo 22, ndipo malo awo ndi oposa gawo limodzi mwa magawo anayi a Arizona yense. Pa zonse zimene ndaona kuno, chimene sindidzaiwala ndi munda wa chimanga wa anthu a mtundu wa Hopi. Mnzanga wa kuntchito wochokera kumeneko ananditengera kwawo, kumpoto chakum'mawa, kumene midzi ili pamwamba pa mapiri athyathyathya. Mudzi umodzi, Oraibi, anthu akhalamo osadukiza kuyambira cha m'ma 1100. Tinatsikira kumunda kwa malume ake. Dothi lamchenga, mvula yochepa ngati ya ku Phoenix komweko, popanda ngalande, popanda feteleza, koma chimanga chili chilili. Bamboyo anandionetsa mmene amabzalira: amakumba ndi ndodo phando lakuya, mwina kufika m'chigongono, mpaka apeze chinyezi chimene chinatsala m'nyengo yozizira, n'kuponyamo mbewu zambiri pamodzi. Phando lina amalikumba patali masitepe angapo kuti asalimbirane madzi. Chimangacho sichitalika, chimangofika m'chiuno, masamba ali mbwee kuphimba pansi, zitsononkho zili m'munsi penipeni. Njere zake ndi zabuluu, zofiira, zoyera, zachikasu. Kunyumba amayi ake anasakaniza ufa wa chimanga chabuluu ndi madzi a phulusa, monga timachitira ife ndi chidulo, n'kumapaka phalalo ndi dzanja pamwala wamoto, likutuluka lopyapyala loti kuwala kumaonekera. Amachitcha piki. Iwowa chimanga amachilankhula ngati mwana wawo, ndipo ine mwana wa mlimi ndinamva kuti ndili pakati pa anthu odziwana nawo. Mukadzapitako, dziwani kuti kujambula zithunzi m'midzi yawo n'koletsedwa, ndipo lamulolo lilemekezeni.

Kumpotoko ndi dziko lina. Arizona ndi wamkulu kuposa Malawi kawiri ndi theka. Mukayenda maola awiri ndi pang'ono pa msewu wa I-17 kuchoka ku Phoenix mufika ku Flagstaff, mamita 2,100 pamwamba pa nyanja, m'nkhalango ya paini, kumene kumagwa sinowo wambiri. Phiri la Humphreys pafupi pomwepo ndi lalitali mamita oposa 3,800, kuposa Sapitwa wa ku Mulanje. Anthu a ku Phoenix amathawirako kumapeto kwa sabata m'chilimwe. Kupitirira apo ndi Grand Canyon, chigwa chotalika makilomita 446 ndi chakuya kuposa kilomita imodzi ndi theka. Sindiyesa kuchifotokoza. Atengereni ana akaone okha, muwagwire dzanja.

Anawo adzakondanso saguaro, chomera chaminga chachitali chokhala ndi mikono chimene mumachiona pazithunzi. Chimamera m'chipululu cha Sonoran chokha, chimakhala zaka 150 kapena kuposa, ndipo mkono woyamba umatuluka chitatha zaka 50 kapena kuposa apo. Kuchidula popanda chilolezo ndi mlandu. Anthu a mtundu wa Tohono O'odham amathyola zipatso zake zofiira mu Juni pogwiritsa ntchito ndodo zazitali zopangidwa ndi nthiti za saguaro wakufa.

Kum'mwera Arizona amachita malire ndi Mexico, ndipo dera lonseli kale linali la Mexico. Mbali ya Tucson inagulidwa mu 1854. N'chifukwa chake Chisipanishi mudzachimva paliponse, ndipo kuwodi chidzakuthandizani mukaphunzirako moni ndi mawu ofunsira pamene pakupweteka. Mukapita chakumalire, monga ku Nogales pa msewu wa I-19, pobwerera pali malo amene apolisi a m'malire amaimitsa magalimoto, ndiye mapepala anu azikhala m'chikwama nthawi zonse. Chipululu chokongola chomwechi chadya anthu zikwi zingapo amene ankayesa kuwoloka wapansi, ndipo ku Tucson kuli magulu a mipingo ndi anthu ongodzipereka amene amakasiya madzi m'njira zimenezo.

Za kukhala munthu wakuda kuno: ndife ochepa, pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndipo m'madera ena mwana wanu akhoza kukhala yekha wakuda m'kalasi. Ine sindinakumane ndi nkhanza zoonekera kawirikawiri, koma kusungulumwa ndiye kulipo. Anthu amalowa m'galaja ndi galimoto, chitseko n'kutsekeka, mwezi kutha osaonana ndi neba. Amalawi tilipo koma tamwazikana, ndipo mudzapeza abale a ku Zambia, Congo, Sudan, Kenya ndi Somalia m'mipingo ndi m'mashopu a zakudya za ku Africa. Ufa woyera wa nsima umapezeka m'mashopu amenewo. Ufa wa chimanga wa anthu a ku Mexico, umene amapangira tortilla, amauphika ndi laimu, ndiye nsima yake imamveka kwina. Nyemba, matemba ouma, therere, mbuzi, zonse zimapezeka mukadziwa kolowera. Galimoto ndi yofunika kuyambira mwezi woyamba. Sitima ya mumzinda ilipo kuyambira 2008 koma imadutsa madera ochepa, ndipo kudikira basi padzuwa la Julayi ndi ana si zoti n'kuyesa. Kuyimba foni kumudzi n'kosavuta kuwerengera: Arizona, kupatula dera la anthu a mtundu wa Navajo, sasintha mawotchi ngati madera ena a America, choncho Malawi amakhala patsogolo ndi maola 9 chaka chonse.

Ndiye inde, achemwali, bwerani, munthu angathe kukhala kuno n'kulera ana bwinobwino. Ngati akuntchito angakulolani kusankha, fikani mu Okutobala kapena Novembala kuti thupi lizolowere pang'onopang'ono chilimwe chisanafike. Vuto lake ndi lakuti sukulu zambiri kuno zimatsegulira kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, ndiye ana adzapeza anzawo atayamba kale, koma amawalandira nthawi iliyonse m'chaka. Mundiuze mbali ya mzinda imene kuli chipatala chanu ndi zaka za anawo, ndikuthandizeni kuona madera oyenera kufunako nyumba.