Kuchipinda sizikuyenda, nanga bwanji akuti tiyezetse mtima?

FUNSO: Adokotala, ine ndi mayi wa zaka 44, amuna anga ali ndi zaka 51, amamwa mankhwala a BP komanso amasuta fodya. Chaka chatha tsopano kuchipinda sizikuyenda, mphamvu zimangothera panjira mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina ali ndi wina kunjaku. Titapita kuchipatala anangoti ayezetse shuga, mafuta a m'magazi ndi mtima, akuti mwina mitsempha yayamba kuwonongeka mkati. Ine sindinamvetse, mtima ukubweramo bwanji apa? Ndine Wodandaula.

YANKHO: Mayi, musathamangire kuwaganizira zoipa bambowo, ndipo amene anakutumizani kokayezetsa anachita bwino kwambiri.

Mtsempha wa magazi si paipi chabe ayi. Mkati mwake monse muli kachikopa kopyapyala zedi, mzere umodzi wokha wa maselo, komwe madokotala amati endothelium, ndipo kachikopaka kamatulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide womwe umauza minofu ya mtsempha kuti imasuke, mtsempha utambasuke, magazi adutse ambiri, komanso umaletsa magazi kuundana pamene sakufunika kuundana. Zoti kachikopaka n'kofunika kuti mtsempha utambasuke anazitulukira ndi Robert Furchgott mu 1980 akuyesa mitsempha ya akalulu, anaona kuti mtsempha ukapalidwa mkati umasiya kutambasuka, ndiye mu 1998 iyeyo ndi Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha nkhani ya mpweya umenewu.

Tsono utsi wa fodya, BP yokwera, shuga ndi kolesitolo (mafuta a m'magazi) woipa uja wa LDL zimakakanda kachikopaka tsiku ndi tsiku. Kakatopa nitric oxide amachepa, mkati mwa mtsempha momwe munali moterera mumayamba kumata, mafuta amalowa pansi pake, maselo oyera a magazi amatsatira kuti akawadye koma amangofera momwemo, pamenepo pamatupa n'kupanga chotupa cha mafuta chomwe chimachepetsa njira. Tsiku lina chikang'ambika magazi amaundana pompo n'kutseka njira yonse, ngati ndi kumtima ndiye heart attack ija, ngati ndi ku ubongo ndiye sitiroko. Chimandiwawa n'chakuti zonsezi zimachitika zaka zambiri munthu osamva kupweteka kulikonse.

Apa ndi pamene bambo akunyumba akubweramo. Kuti mwamuna adzuke pamafunika nitric oxide yemweyu, ndipo mitsempha ya kumeneko ndi yaing'ono kuposa ya kumtima, ndiye ikayamba kuvuta imaonekera msanga, kwa amuna ambiri zaka zingapo mtima usanayambe kudandaula. Sikuti nthawi zonse chifukwa chake ndi chimenechi, nkhawa, mowa ngakhale mankhwala ena a BP amatha kuchititsanso, koma asasiye mankhwala paokha chonde, akawafotokozere adokotala awo aone ngati angawasinthire.

Chosangalatsa kachikopaka kamatha kutsitsimuka. Fodya asiyiretu, osati kuchepetsa. Kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata monga amalimbikitsira a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO kumathandiza chifukwa magazi akamathamanga akukhula makoma a mtsempha maselo aja amatulutsa nitric oxide wochuluka, ndipo mukamayenda nawo limodzi sangagwe ulesi. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, BP ikhale pansi pa 140/90, akapatsidwa mankhwala otsitsa kolesitolo amwe osadumphitsa.

Chinanso mayi, ndikudziwa kuti mayesero ogula Viagra mwamseri amakhalapo. Ngati akumwa mankhwala a mtima a mtundu wa nitrate, monga aja oika pansi pa lilime, kuphatikiza ziwirizi kumagwetsa BP moopsa mpaka munthu kukomoka kapena kufa kumene, ndiye afunse kaye asanamwe. Ndipo akadzangomva chifuwa kuthina ngati pakhala chinthu cholemera, ululu kutsikira kudzanja kapena kukwera kunsagwada, thukuta lili kamukamu, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.