KIE yatuluka 1.1 kwina, 4.6 kwina: ndikhulupirire iti?

Wophunzira wina wa chemistry watitumizira imelo. Akufufuza reaction imene chitsulo cha palladium chimadula bondi ya C–H (ya kaboni ndi haidrojeni) pa mphete ya benzene. Ataika mankhwala okhala ndi H (haidrojeni wamba) ndi okhala ndi D (deuterium, haidrojeni yolemera) m'mabotolo awiri osiyana, kH/kD inatuluka 1.1; nambalayi ndiyo KIE (kinetic isotope effect), kutanthauza liwiro la H kugawa ndi liwiro la D. Atayesa ndi molekyulu imodzi yokhala ndi H mbali ina, D mbali inayo, inatuluka 4.6. Funso lake: "Ndalakwitsa pati, ndipo ndilembe nambala iti?"

Musataye iliyonse. N'kutheka kuti simunalakwitse kanthu, chifukwa njira ziwirizi sizifunsa funso limodzi.

Deuterium imalemera kuwirikiza kawiri haidrojeni wamba, choncho bondi ya C–D imanjenjemera pang'onopang'ono, cha pa 2100 cm⁻¹, pamene ya C–H ili cha pa 2900. Mphamvu yotsala m'kunjenjemerako, imene amati zero-point energy, ndi yotsika pa C–D ndi pafupifupi 5 kJ/mol. Kudula C–D kumafuna mphamvu yoonjezerapo, ndipo pa 25 °C kH/kD imatha kufika cha pa 7. Frank Westheimer anapeza nambala yoyandikira pamenepo mu 1949 pa isopropanol ndi chromic acid. Koma pa nitration ya benzene, Lars Melander sanaone kusiyana, chifukwa haidrojeni imachoka pa sitepe yothamanga, yochedwa itadutsa kale.

Zanu zikufanana ndi za Melander. M'mabotolo awiri mumayeza liwiro la reaction yonse, ndipo 1.1 ikunena kuti kudula C–H sindiko kukuchedwetsa zinthu. Mwina chochedwa ndi palladium kumata pa molekyulu, kapena sitepe ina yoyambirira. Ikamata pa molekyulu ya H ndi D ija, imasankha mbali yosavuta kudula, ndiye 4.6 yanuyo. Zili ngati kudikira minibasi ola lathunthu: ikabwera mutha kusankha mpando wakutsogolo, koma kusankhako sikubweza ola lija. Eric Simmons ndi John Hartwig analemba za msampha umenewu mu 2012, poona kuti ambiri amatenga nambala ya m'botolo limodzi n'kulengeza kuti apeza sitepe yochedwa. Ndi mabotolo awiri okha amene angakuuzeni zimenezo.

Komabe musanadalire 1.1, onetsetsani kuti ndi yeniyeni, pakuti njira ya mabotolo awiri ndiyo imalakwika msanga. Sungunulani catalyst, palladium ija, kamodzi n'kugawa m'mabotolo onse, ndipo onse akhale mu oil bath imodzi. Reaction zambiri zimathamanga kuwirikiza kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10, ndiye kusiyana kwa madigiri 2 okha kumasintha liwiro ndi pafupifupi 15 peresenti, kokwanira kumeza 1.1 yonse. Tapani tizigawo toti muyeze kasanu kapena kasanu ndi kamodzi reaction isanadutse 10 peresenti, ndipo bwerezani katatu. Ngati mukuyeza ndi makina a NMR, thirani internal standard (mankhwala ofananitsira a muyeso wodziwika) monga 1,3,5-trimethoxybenzene, ndipo d1 (nthawi yodikira pakati pa ma scan) ikhale T1 (nthawi imene ma nucleus amatenga pobwerera mwakale) kuchulukitsa kasanu, apo ayi ma integration akunamizani.

Chimene ambiri amaiwala ndi kuchoka kwa D. Ngati mukugwiritsa ntchito acetic acid kapena methanol, ndipo sitepe yodula C–H imatha kubwerera m'mbuyo, deuterium imalowa mu acetic acid kapena methanol ija, H n'kutenga malo ake. Mankhwala anu a D asanduka a H mwakachetechete, KIE n'kutsikira ku 1. Imitsani reaction pakati, tolaninso mankhwala otsala, muone pa NMR kapena mass spec ngati D ikadali 98 peresenti ngati poyamba. Vuto lina limakokera nambala kumtunda: mankhwala a D opanga nokha amatsala ndi tizinyalala topha catalyst, botolo la D n'kuchedwa pa chifukwa chosakhudza deuterium. Yeretsani onse awiri mofanana.

Zonsezi zikayenda bwino 1.1 n'kukhalabe, lembani nambala zonse ziwiri, iliyonse ndi njira yake, kutentha kwake ndi error yake. Mukapeza mpata yesaninso njira yachitatu: sakanizani molekyulu za H ndi za D mofanana m'botolo limodzi. Ikatulukanso pafupi ndi 1, ndiye kuti palladium ikamata pa molekyulu siichokanso mpaka itadula bondiyo.