Tifunseni za Ukadaulo: Tsamba la pafoni la ophunzira ndi ogwira ntchito pa yunivesite

Akonzi, ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a makompyuta. Ine ndi anzanga awiri tikufuna kupanga app yoti ophunzira ndi aphunzitsi azionerapo taimutebulo, zolengeza ndi mabuku a m'laibulale. Tiyambe ndi Android kapena iPhone? — Wophunzira, Zomba

Ziwiri zonsezo zidikire kaye. Yambani ndi webusaiti yopepuka yomwe foni iliyonse ingatsegule. App ya iPhone imafuna kulipira Apple madola 99 chaka chilichonse, Google Play imalipiritsa madola 25 kamodzi, ndipo anthu atatu simungathe kusamalira mapulogalamu awiri kwinaku muli ndi mayeso. Komanso wophunzira yemwe foni yake yadzaza safufuta zithunzi zake kuti app yanu ipeze malo.

Njira imeneyi ena anaidutsa kale. Yunivesite ya MIT ku America inatsegula MIT Mobile Web mu 2008, ndipo mu 2009 inatulutsa khodi yake kuti aliyense aitenge ndi kuisintha, zomwe zimatchedwa open source. Kuchokera pamenepo kunabadwa pulogalamu ya Kurogo mu 2011, yolembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha PHP. Ku Oxford nako anamanga Mobile Oxford mu 2009 pogwiritsa ntchito Python ndi Django, khodi yake n'kuitcha Molly. Mapulogalamuwa ndi akale tsopano, musawaike pa seva yanu. Chotengerako ndi kamangidwe kake: tsamba loyamba lokhala ndi tizigawo tochepa, monga anthu, mapu, kalendala, laibulale ndi nkhani, ndipo kachigawo kalikonse kamakatenga zinthu zake ku pulogalamu ina yomwe sukulu ili nayo kale. Tsambalo likakhazikika, muwonjezere service worker (kapulogalamu komwe kamasunga mbali za tsamba m'foni) ndi kafayilo ka manifest (kofotokoza dzina ndi chizindikiro cha tsambalo) kuti munthu athe kuliika pa sikirini ya foni ngati app. Service worker imafuna HTTPS, njira yotetezedwa yotsegulira tsamba, yomwe nayo imafuna satifiketi. Satifiketi ya Let's Encrypt ndi yaulere, koma imatha msanga, choncho ikani pulogalamu ya certbot kuti satifiketiyo izidziwonjezera yokha.

Ndimagwira ntchito ku ofesi ya ICT pa koleji ina. Tsamba tinapanga, lokongola ndithu, koma patatha miyezi iwiri anthu anasiya kulitsegula chifukwa taimutebulo inali yolakwika. Tinaphonya pati? — Wogwira ntchito, Lilongwe

Akulu, mwafika pachimake pa ntchito yonseyi. Mwachionekere wina anakopera taimutebulo ndi manja kuchokera mu Excel ya ku ofesi ya registrar n'kuiika pa tsamba. Sabata yotsatira chipinda chinasinthidwa, pepala latsopano linamatidwa pa bolodi, tsamba lanu n'kutsalira. Wophunzira akaphonya kalasi kamodzi chifukwa cha inu, sabwereranso.

Tsamba la pafoni lisakhale nkhokwe yachiwiri. Chilichonse chizichokera komwe eni ake amachilemba. Tengani pepala, lembani mizati itatu: chinthu, pulogalamu yomwe chimasungidwamo, ndi ofesi yomwe imachisintha. Chinthu chopanda mwini wodziwika musachiike pa tsamba ngakhale anthu achifune motani.

Za taimutebulo, gwirizanani ndi a registrar kuti pakhale fayilo imodzi yokha, pamalo amodzi, mizati yake yosasinthasintha: khodi ya kosi, tsiku, nthawi yoyamba, nthawi yomaliza, chipinda, mphunzitsi. Pulogalamu yanu iziwerenga fayiloyo pa mphindi 15 zilizonse n'kuitulutsa ngati iCalendar, mafayilo othera ndi .ics aja, kuti wophunzira ailumikize ku kalendala ya pafoni pake. Chenjerani ndi nthawi. Malawi ali patsogolo ndi maola awiri pa UTC, nthawi yomwe dziko lonse lapansi limayezerapo, ndipo seva zambiri zimabwera zitaikidwa pa UTC. Mukapanda kulemba dera la nthawi mu fayiloyo, kalasi ya 8 koloko imatha kuoneka ngati ya 10 koloko kapena 6 koloko. Pulogalamuyo iziyamba yafufuzanso fayilo isanailandire: mzere wopanda chipinda, tsiku lolembedwa mosiyana, kosi yosadziwika. Ikapeza zotere isafalitse, itumize uthenga kwa mwini fayiloyo.

Zinazo n'zosavuta kwambiri. Ngati muli ndi Moodle, pulogalamu yophunzirira pa intaneti, yatsani web services ndi REST (njira zomwe mapulogalamu ena amafunsira zinthu kwa iyo), pangani akaunti yapadera yokhala ndi mphamvu zowerenga zokha, ndipo token yake, yomwe ndi kiyi wolowera, ikhale pa seva, isafike pafoni ya munthu. Ngati laibulale imagwiritsa ntchito pulogalamu ya Koha, funsani mabuku kudzera pa njira zofufuzira mabuku za SRU kapena Z39.50, monga Mobile Oxford inkafunsira laibulale yakwawo pa Z39.50. Mayina ndi maofesi a aphunzitsi achoke mu LDAP, kaundula wa maakaunti a sukulu, ndipo kufufuza kumodzi kusabweze mayina oposa 20, kuopa wina angakolole mndandanda wonse. Mapu tengani a OpenStreetMap, muwaonetse ndi pulogalamu ya Leaflet. Nyumba za pakampasi panu zikasowa pa mapuwo, mukhoza kuzijambulamo nokha, ndipo ndi ntchito yabwino kupatsa ophunzira a chaka choyamba.

Chomaliza, chomwe ambiri amaiwala: gwero likafa, tsamba lisafe nalo. Magetsi akazima ku laibulale, onetsani zomwe munasunga komaliza, ndi mawu oonekera bwino akuti "Zinasinthidwa komaliza 09:45". Munthu akadziwa msinkhu wa zomwe akuwerenga amadzisankhira yekha kuzikhulupirira kapena ayi.

Anzanga akudandaula kuti tsamba lathu limadya bandulo ndipo kumudzi silitseguka n'komwe. — Wophunzira, Mzuzu

Yezani kulemera kwa tsamba loyamba. Likakhala ndi mamegabaiti 2, pa netiweki yofooka ya makilobiti 200 pa sekondi limatenga masekondi 80. La makilobaiti 100 limatenga masekondi 4. Dziikireni malire amenewo, makilobaiti 100, ndipo musawadumphe.

Olakwa ndi odziwika: chithunzi chachikulu cha geti la sukulu pamwamba, mafonti otengedwa kunja, ndi JavaScript yambiri yomwe imayenera kufika yonse munthu asanaone liwu limodzi. Chotsani chithunzicho, gwiritsani ntchito mafonti omwe ali kale m'foni, yatsani gzip, yomwe imachepetsa kukula kwa mafayilo, pa pulogalamu ya seva yanu monga Nginx kapena Apache, ndipo HTML izipangidwa pa seva. Izi n'zofunika kwambiri kwa ogwiritsa ntchito Opera Mini, yomwe ikakhala pa njira yopulumutsa data kwambiri imakonzera tsamba pa seva zake, moti JavaScript yanu yambiri sigwira. Mapu asatseguke mpaka munthu atadina. Zolengeza zikhale mawu enieni, osati PDF yojambulidwa pa sikana. Ndipo yesani pa foni yotsika mtengo ya Android mutazimitsa Wi-Fi ya muofesi, chifukwa laputopu yanu idzakuuzani kuti zonse zili bwino.

Akuluakulu akufuna zotsatira za mayeso zizionekanso patsambali. Ine mantha andigwira. — Mphunzitsi, Blantyre

Manthawo ali m'malo mwake, aphunzitsi. Zoopsa zilipo ziwiri.

Choyamba ndi chinsinsi. Cholakwa chofala ndi adiresi yokhala ndi nambala ya wophunzira kumapeto kwake, yomwe munthu akasintha nambala imodzi amaona magiredi a mnzake. Seva izitenga nambalayo kwa munthu amene walowa ndi pasiwedi, osati pa adiresi. Musapange mapasiwedi atsopano a tsambali. Lumikizani ku malowedwe a sukulu omwe alipo kudzera pa SAML kapena OpenID Connect. Masamba a magiredi alembedwe no-store kuti asasungidwe paliponse, service worker isawakhudze, ndipo munthu atulutsidwe akakhala chete mphindi 10, poti mafoni timabwerekana. Malawi ali ndi lamulo loteteza data ya anthu la 2024, choncho loya wa sukulu aone dongosololi lisanayambe.

Chachiwiri ndi khamu. Tsiku la zotsatira anthu masauzande amalowa mphindi zomwezo, ndipo aliyense amadinanso tsamba likachedwa. Musalole tsamba la pafoni lizifunsa database yaikulu ya registrar mwachindunji. Koperani zotsatira zovomerezeka ku database ina yowerenga yokha usiku wake, tulutsani dipatimenti ndi dipatimenti, ndipo yesereranitu khamu labodza ndi pulogalamu ngati k6 kapena JMeter.

Tikaika khodi yathu poyera, ena satibera? Nanga ife tikamaliza sukulu chidzachitike n'chiyani? — Wophunzira, Thyolo

Chobedwa chenicheni si khodi koma makiyi. Pasiwedi ya database kapena token ya Moodle ikalowa ngakhale kamodzi mu Git, pulogalamu yosunga khodi ndi kusintha kwake konse, imatsala m'mbiri ya khodiyo ngakhale mutaifufuta mawa lake. Zikatero isintheni tsiku lomwelo. Zinsinsi zonse zikhale mu fayilo ya zoikamo yomwe Git sinyamula.

Pa laisensi ya khodi yanu, yotchedwa MIT imalola aliyense kuchita chomwe akufuna bola asunge mawu a umwini wanu. Laisensi ya GPL, yomwe Moodle ndi Koha amagwiritsa ntchito, imakakamiza wogawa pulogalamu yosinthidwa kuti agawenso khodi yake. Ngati mukulemba pulagini ya Moodle, tsatirani GPL. Funsaninso malamulo a sukulu za umwini wa ntchito za ophunzira musanasankhe.

Funso lanu lachiwiri ndi lomwe limapha ntchito zambiri zotere. Akaunti ya GitHub (komwe khodi imasungidwa pa intaneti), dzina la webusaiti ndi seva zikhale za sukulu, osati za wophunzira. Munthu mmodzi wa ku ICT akhale ndi makiyi onse kuyambira tsiku loyamba. Lembani malangizo a kaikidwe, kenako mupatse wophunzira wa chaka chachiwiri seva yopanda kanthu kuti aike yekha inu mutakhala chete. Paliponse pomwe wakakamira, konzani malangizowo n'kumuyambitsanso, mpaka atamaliza osakufunsani.